Maloza a Mampi ndi Khutu la M'komboni

Lero tikambe za chimbale chimodzi chimene chinatuluka mu Lusaka m'chaka cha 2005, ndi za mkangano umene nyimbo za mtundu wake zinautsa, womwe mpaka pano sunazilale. Chimbalecho ndi Maloza, choyamba cha Mirriam Mukape, amene Zambia yonse imamudziwa ndi dzina loti Mampi. Iye anabadwa mu 1986, kotero pamene mawu ake ankayamba kumveka m'mabala ndi m'misika anali asanakwanitse zaka 20. Nyimbo zake zinali za pop, zovinika, zotsamira pa kamenyedwe ka reggae ndi ragga ya ku Jamaica, kwinaku zikununkhira kwaito ya ku Johannesburg, koma chilankhulo chake chinali cha m'misewu ya mu Lusaka. M'makomboni a Kanyama, Chawama, Matero ndi George anazilandira ndi manja awiri. Akuluakulu ena, makamaka amene anakulira m'nthawi ya magulu oimba ndi zida zamanja, anapukusa mitu, amvekere izi si nyimbo za Zambia. Ine ndili kumbali ya komboni. Ndikuti anthu a m'komboni anamva bwino, ndipo odandaulawo anagamula mlandu asanamve mboni zonse. Komabe ndinenanso pamene komboniyo inalakwa, chifukwa pali ngongole imene sinabweze.

Tiyambe ndi kukumbukira zimene zinkamveka pa wailesi ndi m'mabala a mu Lusaka Mampi ali mwana. Pakati pa zaka za m'ma 1970, Pulezidenti Kenneth Kaunda analamula kuti nyimbo 95 mwa 100 zilizonse zoulutsidwa pa wailesi zikhale za m'dziko momwemo. Lamulolo linapatsa mpata Zamrock ya Paul Ngozi, Rikki Ililonga ndi gulu la WITCH, kenako kunabwera kalindula ya PK Chishala, Amayenge ndi magulu ena ambiri. Ku Ndola kunali makampani a nyimbo, Teal ndi Zambia Music Parlour, amene ankatulutsa mbale za oimbawo. Zonsezi zinagwa pang'onopang'ono. Mtengo wa kopa utatsika, ndalama yogulira zida ndi zipangizo zodindira mbale inasowa. Matenda a Edzi anatha oimba ambiri a m'badwo umenewo. Paul Ngozi anamwalira mu 1989, PK Chishala anatsatira patapita zaka zowerengeka, ndipo malonda a mbale anazilala. Pofika pakati pa zaka za m'ma 1990, olamulira bala ya ku Chawama Loweruka usiku anali Pepe Kalle, Kanda Bongo Man ndi Koffi Olomide ochokera ku Congo, pamodzi ndi Brenda Fassie, Yvonne Chaka Chaka ndi Lucky Dube a ku South Africa. Munthu ankavina mpaka tambala kulira, thukuta lili kamukamu, osamvapo ngakhale liwu limodzi la Chilingala chimene akuvinacho. Choncho amene amati achinyamata a ragga ndi pop anapha kalindula asokoneza chimene chinayamba ndi chimene chinatsatira. Achinyamatawo anapeza bwalo lili kale m'manja mwa alendo, ndipo amene iwo anawakankha pa wailesi anali oimba a ku Kinshasa ndi ku Johannesburg.

Zinthu zinayamba kutembenuka boma litalola mawailesi omwe si aboma. Radio Phoenix inayamba kuulutsa mawu mu Lusaka mu 1996, ndipo ena anatsatira. Mu 1999 Chisha Folotiya anayambitsa kampani ya Mondo Music, imene inasonkhanitsa oimba achinyamata m'chimbale chotchedwa Rhythm Nation Project. Chaka chomwecho Daddy Zemus, amene dzina lake lenileni linali Anthony Kafunya, anatulutsa Chibaba, nasonyeza kuti ragga ikhoza kuimbidwa m'Chinyanja cha m'tauni popanda kumveka yobwereka. Zemus anamwalira mu Januwale 2001 akadali mnyamata, koma njira anali atailambula. Mmenemo munadutsa Black Muntu, Joe Chibangu, JK, Danny, ndi atsikana awiri a gulu la Shatel, Saboi Imboela ndi Barbara Njovu. Tsono Maloza sichinagwe kuchokera kumwamba. Chinabwera patapita zaka zisanu ndi chimodzi chiyambire kusinthaku, m'chaka chomwe Petersen Zagaze anatulutsa chimbale chake choyamba cha Munyaule, ndipo chaka chotsatira Slapdee wa ku Matero anabwera ndi Asembe Isebenza. Chimene Mampi anawonjezera n'chakuti anali mtsikana woima yekha kutsogolo, wosabisala m'gulu kapena kumbuyo kwa mwamuna woimba, akuimba yekha ndi kuvina yekha. Za ichi tibwererako.

Funso loyenera kulifunsa poyamba ndi lakuti, mwa nyimbo zonse za padziko, n'chifukwa chiyani kamenyedwe ka ku Jamaica ndi kamene kanagwira m'makomboni. Yankho lili m'kapangidwe ka nyimboyo. Mu reggae gitala kapena kiyibodi sizilira mosalekeza. Zimangodula kamodzi, n'kusiya mpata, n'kudulanso. Ng'oma nayo siidzaza malo onse. Chimene chimasenza nyimbo ndi besi, yolemera, yoyenda pansi, ndipo pamwamba pake pamatsala danga lalikulu limene mawu a woimba amayendamo osapikisana ndi china chilichonse. Mu rhumba ya ku Congo zinthu n'zosiyana: pakafika povina penipeni magitala atatu amalukana, woimba n'kungokhala wokuwirira ovina. Kukoma kwake palibe angakane, koma si nyimbo yoti ufotokozeremo za lendi, za mwamuna wosagona pakhomo kapena za mnzako wa kaduka, anthu n'kumva liwu lililonse. Chinyanja, monga Chibemba, ndi chilankhulo chimene mawu ake onse amathera pa lembo la liwu, ndipo chimakoka pang'ono kaphatikizo kachiwiri kuchokera kumapeto. Mawu otere amakhala bwino pa kamenyedwe kosiya mipata. Woimba atha kuwatafuna mofulumira monga amachitira a ragga, kapena kuwakoka monga a pop, ndipo tanthauzo silitayika. Onjezanipo kuti besi ndiyo imapulumuka m'sipika yakale ya m'minibasi, imadutsa khoma la bala n'kukafika kwa mayi wogulitsa chimanga chootcha tsidya lina la msewu. Nkhani ya Trenchtown, dera la anthu osauka la mu Kingston kumene reggae inakulira, inkamvekanso yodziwika kwa munthu wa ku Kanyama amene madzi amalowa m'nyumba mwake dzinja lililonse. Makutu anali atakonzeka kale: Bob Marley anaimba pa chikondwerero cha ufulu wa Zimbabwe mu Epulo 1980, ndipo makaseti a Lucky Dube monga Slave ndi Prisoner anali ponseponse.

Odandaula amati zonsezi zili apo, koma nyimboyo ndi ya eni ake, ndipo mwana wa Zambia woimba pa kamenyedwe ka ku Kingston ndi wongotsanzira. Mawu amenewa akanakhala ndi mphamvu chikhala kuti panali nthawi imene nyimbo za m'tauni ya Lusaka zinali zosasakanizika ndi zakunja. Nthawi imeneyo sinakhaleko. Msewu umene umadutsa pa Kalingalinga kulowera ku Mtendere uli ndi dzina la Alick Nkhata, woulutsa mawu ndi woimba amene kalekale, dziko lisanalandire ufulu, ankatenga nyimbo za kumudzi n'kuziimba ndi gitala, chida cha azungu, pa wailesi ya mu Lusaka. Zamrock imene lero achinyamata a ku Ulaya ndi America akuifunafuna inatenga kulira kwa gitala kwa Jimi Hendrix ndi kavinidwe ka James Brown, amene anadzaimba mu Zambia mu 1970. Kalindula ya ku Luapula inafika m'mabala a mu Lusaka itavala magitala a magetsi ndi ng'oma za chizungu. Ngakhale rhumba ya ku Kinshasa inaphukira pa mbale za ku Cuba. Kwa anzathu a ku Malawi nkhaniyi si yachilendo: Lucius Banda ndi oimba a ku Balaka anamanga nyimbo zawo pa reggae, ndipo Evison Matafale wa ku Chileka, amene anamwalira mu 2001, palibe Mmalawi anganene kuti ankaimba za eni. Chimene chimachititsa nyimbo kukhala ya pamalo ndi amene akulankhula mmenemo, chilankhulo chimene akulankhula, ndi amene akumuyankha. Poyesa ndi muyeso umenewu, chimbale cha mtsikana wa mu Lusaka choimbidwa m'chilankhulo cha pa Soweto Market ya mumzindawo ndi cha Zambia kuposa ndombolo ya ku Congo imene odandaulawo ankavina popanda kudandaula.

Dandaulo lachiwiri ndi lolemerako, ndipo sindilikankhira pambali. Amati nyimbo za m'badwo wa Mampi ndi za pa kompyuta: palibe woimba ng'oma, palibe wa besi, munthu mmodzi amakhala pa kiyibodi n'kupanga zonse, ndipo pa siteji woimba amangotsegula pakamwa CD ikulira kumbuyo. Muli choona mmenemu. Nyimbo zambiri za zaka zimenezo zinkafanana chifukwa zinkachokera m'manja mwa anthu owerengeka omwewo, ndipo munthu wolipira pakhomo n'kukapeza woimba akungotsatira mbale yake anali ndi chifukwa chokwiyira. Koma tiyeni tione chimene mwana wa ku George anali nacho m'manja. Gulu loimba limafuna magitala, ng'oma, zokuzira mawu, malo oyeserera kumene eni nyumba sangakuthamangitseni, ndi galimoto yonyamula katundu. Makampani amene kale ankagulira magulu zida anali atafa. Chimene chinalipo ndi kachipinda kamodzi, matiresi atatsamiritsidwa kukhoma kuti mawu asabwerere, mathireyi a mazira atakhomedwa kudenga, maikolofoni imodzi ndi kompyuta yogulidwa kwa wina. M'kachipinda kotere mtsikana wopanda bambo wolemera ankatha kujambula nyimbo ndi ndalama imene gulu likanathera pa ulendo umodzi. Ku Jamaica komweko zinayendanso chimodzimodzi. Mu 1985 Wayne Smith ndi King Jammy anatulutsa Under Mi Sleng Teng, yomangidwa pa kamenyedwe kopezeka m'kakiyibodi kotchipa ka Casio, ndipo nyimbo imeneyo inasintha reggae yonse. Akatswiri a zida kumeneko analiranso kuti luso latha. Kompyuta inatsegulira khomo anthu amene khomo la gulu linali lotsekeka kwa iwo, ndipo ambiri mwa otsekeredwawo anali atsikana, amene makolo sakanawalola kugona m'mabala ndi gulu la amuna kuti aphunzire ntchito.

Palinso ena, makamaka ife olankhula Chichewa cha ku Lilongwe, ku Katete kapena ku Chadiza, amene timati Chinyanja cha m'nyimbozi n'chothyoka. Timamva woimba akuti nifuna m'malo mwa ndikufuna, manje m'malo mwa tsopano, vintu m'malo mwa zinthu, kenako walowetsa Chibemba, kenako Chingerezi, ndiye timati mwanayu sadziwa kulankhula. Tikulakwa. Chinyanja cha mu Lusaka chili ndi malamulo ake, chinatenga zambiri ku Chinsenga ndi ku zilankhulo zina za anthu amene anadzakhala m'tauni, ndipo ndi chimene mwana wobadwira ku Chawama amayamwira, kaya makolo ake ndi Atonga, Alozi kapena Abemba. Kusukulu amamuphunzitsa Chinyanja cha m'mabuku chimene chili pafupi ndi Chichewa chathu, ndipo nthawi zambiri amachimva ngati cha kwina. Kwa zaka zambiri chilankhulo chake chenicheni chinalibe malo m'buku, m'nyuzipepala kapena m'nkhani za pa wailesi. Malo amene anachimva chikulemekezedwa, chikuulutsidwa dziko lonse, anali m'nyimbo za Zemus, Danny, Petersen, Mampi ndi anzawo. Amene akufuna kumvetsa chifukwa chimene komboni inakondera zimbale zimenezi ayambire pamenepa. Anthu anadzimva okha akulankhula.

Tsono tione mmene komboni imaweruzira chimbale, pakuti ena amaganiza kuti kumeneko chilichonse chaphokoso chimadutsa. M'zaka zimenezo munthu wa ku Matero sankadikira kuti wolemba nyuzipepala amuuze chimbale chabwino. Nyimbo inkayesedwa m'minibasi yochoka pa siteshoni ya Kulima Tower kapena ya Lumumba, yodzaza anthu otopa, kondakitala atapachikika pakhomo, ndalama zamapepala atazipinda pakati pa zala. Dalaivala amaika kaseti kapena CD. Ngati nyimbo siikoma, wina kumbuyo amakuwa kuti achotse, ndipo amachotsadi. Ngati yakoma, mumaona mitu ikugwedezeka, mayi wonyamula thumba la tomato akung'ung'udza nawo, ndipo wina potsika amafunsa kuti woimbayo ndani. Kuchoka apo nyimbo imalowa m'kantemba, mometera tsitsi, mu saluni, m'bala, mpaka pa kitchen party, pamene azimayi amaiyesa ndi chiuno. Pomalizira pake imafika pakamwa pa ana osewera m'ngalande, ndipo ikafika apo ndiye kuti yapambana. Pa njira yonseyi palibe amene akukondera woimbayo, palibe amene walandira kanthu kuti aiyamikire, ndipo aliyense ali ndi ufulu woikana pomwepo. Woulutsa mawu atha kunyengereredwa kuti aziika nyimbo kawirikawiri, koma minibasi yonse simungaipatse chiphuphu.

Wina anena kuti kutchuka si luso, ndipo zimene anthu ambiri akonda sizikhala zabwino nthawi zonse. N'zoona, ndipo komboni inavinapo zinthu zambiri zimene lero palibe akuzikumbuka. Koma kuiwalako ndi mbali ya chiweruzo chomwecho. Oimba amene anatulutsa zimbale zoyamba pakati pa 2000 ndi 2006 anali ochuluka zedi, ndipo ambiri anazimirira chisanathe chaka. Amene anatsala ndi amene anali ndi kanthu. Mampi anapitiriza kutulutsa nyimbo zimene zinagwira, monga Walilowelela ndi Swilili, dzina lake linadutsa malire, ndipo mu 2012 anali mmodzi wa anthu otchuka amene analowa m'nyumba ya Big Brother Africa ku South Africa. Petersen anakhala mmodzi wa oimba olimba mtima podzudzula atsogoleri, monga anachitira ndi woimba mnzake Pilato m'nyimbo ya Bufi mu 2013. Slapdee anakhala mzati wa rap ya Chinyanja. Komboni inawazindikira onsewa pa chimbale choyamba, akatswiri akadali kukayika. Ndipo makutu omwewo sanataye za makolo: m'zaka zomwezo a Sakala Brothers ndi Angela Nyirenda ankaimba ndi gulu lathunthu, motsamira pa ng'oma za kummawa, ndipo ankakondedwa m'makomboni momwemo, Amayenge sanasowepo ovina. Anthu amene amatha kusunga Angela Nyirenda ndi Mampi m'bokosi limodzi la makaseti sangatchedwe osadziwa kusankha.

Tibwerere ku nkhani ya mtsikana woima yekha kutsogolo, chifukwa ndikukhulupirira kuti mbali yaikulu ya mkwiyo umene Mampi anakumana nawo sinali ya reggae kapena kompyuta. Inali ya kavalidwe ndi kavinidwe. Anthu ankati mwana wamkazi wolongosoka sagwedeza thupi chotero pagulu. Apa pali chinyengo chimene tiyenera kuchitchula. Kavinidwe ka m'chiuno si kachilendo kwa ife. Alangizi amaphunzitsa, pa chinamwali kalipo, pa kitchen party azimayi a mpingo amene amavina mpaka chitenje kumasuka. Atsikana ovina kumbuyo kwa Koffi Olomide ankaonetsedwa pa mavidiyo m'mabala onse, amuna ali pakamwa yasa, popanda wodandaula. Oimba aamuna a m'badwo womwewo ankaimba mawu a matanthauzo awiri, ena oti sungawabwereze pamaso pa apongozi, ndipo ankatchedwa ochenjera. Chimene chinawawa n'chakuti tsopano wovinayo anali mwini nyimbo, dzina pa chikuto linali lake, ndipo amene ankalandira ndalama ya pakhomo anali iye. Sindikunena kuti nkhawa ya makolo ndi yopanda pake. M'komboni bala imagundana khoma ndi nyumba yogona ana, ndipo chimene chikulira m'balamo pakati pa usiku chimalowa m'makutu a mwana wa giredi 3. Koma limenelo ndi vuto la khonsolo imene imapereka ziphaso za mabala pakati pa nyumba za anthu n'kulephera kuyang'anira nthawi yotsekera. Kulisenzetsa mtsikana woimba n'kusankha wofooka pakati pa olakwa.

Tsopano ngongole ija. Komboni inakonda zimbale zimenezi, koma kwakukulukulu sinazigule kwa eni ake. Chimbale chikatuluka lero, mawa lake makope ake otentha pa kompyuta anali atayalidwa pansi m'mbali mwa City Market, chikuto chofotokopedwa, mtengo wake kachigawo chabe ka mtengo wa chenicheni. Makope amenewo ndi amene ankalira m'minibasi muja ndi m'kantemba muja. Njira yomweyo imene inakweza dzina la woimba ndi imene inamubera. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: woimba ankadziwika kuyambira ku Chilenje mpaka ku Chipata, koma m'thumba muli mbee. Lamulo loteteza eni nyimbo linalipo kuyambira 1994, ndipo bungwe la ZAMCOPS linalipo kuti lizitolera ndalama za oimba, koma wogulitsa makope ankayala katundu wake masana dzuwa likuswa mtengo. Mondo Music, imene inayambitsa zonsezi, inafooka patangopita zaka zochepa. Boma linadzabweretsa chizindikiro chonyezimira chomata pa CD yeniyeni mu 2013, nthawi imene anthu anali atayamba kale kusiya ma CD n'kumapatsirana nyimbo pa mafoni ndi pa timakadi. Pa mlandu uwu komboni singadzitchinjirize ndi kunena kuti inali kukonda oimba ake.

Pali yankho limene anthu amapereka, lakuti munthu wogula kapamela, kathumba kakang'ono ka ufa, tsiku ndi tsiku sangakwanitse CD ya m'sitolo ya m'tauni. Yankholi n'loona, ndipo likusonyeza kuti mlandu suli pa wogula yekha. Makampani anaika mtengo woyenera anthu a kumayadi, n'kuika katundu m'masitolo a kumene anthu a kumayadi amagula, pamene omvera enieni anali ku Kanyama. Wakuba ndi amene anadziwa kumene kuli msika ndi mtengo umene msikawo ungalipire. Kwina anayesa njira ina. Ku Malawi sitolo ya O.G. Issa inkagula nyimbo kwa oimba n'kufalitsa makaseti pa mtengo wotsika mpaka m'matauni ang'onoang'ono, ndipo bungwe la COSOMA linkamata chizindikiro chake pa kaseti yovomerezeka. Ku Nigeria amalonda a pa msika wa Alaba mu Lagos ankalipira woimba ndalama pasadakhale n'kudzaza dziko ndi ma CD otchipa. Oimba a m'maiko awiriwa ali ndi madandaulo awo pa njira zimenezi, ndipo ena amati ankadyeredwa masuku pamutu, koma kanthu kankafika m'manja mwawo kuchokera kwa wogula wosauka. Mu Lusaka mlatho woterowo pakati pa situdiyo ndi kantemba sunamangidwe molimba.

Zotsatira zake tikuziona mpaka lero m'nyimbo zenizenizo. Woimba amene sapeza ndalama pa chimbale amaipeza pa siteji, pa kutsatsa malonda a makampani a mafoni ndi a mowa, ndi pa misonkhano ya ndale. Aliyense akukumbuka mmene Donchi Kubeba ya Dandy Krazy inayendera ndi chisankho cha 2011. Woimba wodalira zimenezi amaphunzira kupanga nyimbo imodzi yogwira msanga, yosakhumudwitsa wolipira, m'malo mwa chimbale cha nyimbo khumi chimene munthu angakhale nacho pansi n'kumvetsera. Ngati pali chimene chinachepetsa kuya kwa nyimbo za mu Lusaka, ndi njala imeneyi, osati kamenyedwe ka ku Jamaica. Ena amaloza Yo Maps, amene chimbale chake choyamba cha Komando chinatuluka mu 2021, ndipo mu 2023 anakokera chikhamu cha anthu ku Heroes Stadium pokhazikitsa chimbale cha Try Again, n'kunena kuti onani, tsopano anthu akulipira. Akulipiradi, ndipo n'zokondweretsa kuona anthu a ku Matero ndi ku Mandevu akugula matikiti kuti aone mwana wa m'dziko lawo. Koma amene amadzaza bwalo la mpira ndi mmodzi mwa mazana. Mtsikana wa ku Mtendere amene akujambula chimbale chake choyamba chaka chino sadzadzaza bwalo, ndipo ndalama ya pa YouTube ndi yochepa kwa woimba amene omvera ake amagula mabandulo a tsiku limodzi n'kumatumizirana nyimbo pa WhatsApp.

Ndalama imene ingamufikire ili pafupi kuposa pamenepo. Mwini bala wa ku Chawama amagulitsa mowa wambiri usiku umene nyimbo zagwira, ndipo amadziwa zimenezo, n'chifukwa chake amagula masipika aakulu asanakonze chimbudzi. Mwini holo ya maukwati, mwini wailesi, wokonza msonkhano wa chipani, onsewa amapanga ndalama kapena mavoti ndi mawu a woimba. Lamulo la 1994 limanena kale kuti woimbitsa nyimbo za wina pagulu ayenera kukhala ndi chilolezo cha mwini wake, ndipo ntchito yotolera ndalama imeneyo ndi ya ZAMCOPS. Bungweli litamafika m'mabala a ku Kanyama monga limafikira m'mahotela a m'tauni, ndi mtengo woyenera kukula kwa bala, ndipo litamalengeza poyera chaka ndi chaka kuti latolera zingati ndi kuti woimba aliyense walandira zingati, mwini bala sangakhale ndi ponamizira, ndipo woimba angakhale ndi pofunsira. Khonsolo ya Lusaka imadziwa bala iliyonse imene inaipatsa chiphaso cha mowa. Palibe chovuta kuti chiphasocho chiziyendera limodzi ndi risiti ya nyimbo.